Chaka Chomwe Kuzizira Kunakwera Mtengo ku Njenjemera

Ufumu wa Tavomera uli ndi malo awiri okha oti munthu n'kuwatchula. Oyamba ndi Thukuta, likulu la dziko, kuchigwa, kumene nkhuku zimayenda zitayasamula chaka chonse ndipo agalu sauwa masana poopa kuuma kukhosi. Achiwiri ndi Njenjemera, katawuni ka pamwamba pa phiri, kumene mu Juni ndi Julaye nkhungu imalowa m'nyumba osaodira, ndipo dzuwa limafika cha m'ma teni ngati kalaliki wa boma, n'kuwerukanso msanga ngati kalaliki yemweyo.

Anthu a ku Njenjemera sankanyadira kuzizira kwawoko, komanso sankataya nthawi n'kudandaula. Ankangopirira monga mmene munthu amapiririra mlamu waulesi. M'mawa ankandandalikana m'mbali mwa khoma la chigayo kudikira dzuwa, manja m'khwapa, aliyense akufuka utsi m'kamwa, ndi a mpingo woletsa fodya omwe. Kusamba kunali nkhani yoyamba yakambidwa pabanja ngati ulendo wakutali. Zovala zochapidwa Lolemba zinkauma Lachisanu, zikafuna. Koma nyumba zinali zotchipa, chifukwa panalibe munthu wanzeru zake wochokera kwina amene ankalota zodzakhala kumeneko.

M'tawunimu munkakhala a Lufeyo Kachigamba, mmisiri wa mbaula, ndi akazi awo Nashawa, amene ankakazinga kachewere pamsika. Anakhala m'nyumba imodzi ya lendi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kumtunda kwenikweni, m'dera lotchedwa Kumphepo. Inali ya zipinda ziwiri ndi ming'alu yosawerengeka. A Lufeyo ankaphimba ming'aluyo ndi zidutswa za malata, Nashawa n'kumatsekera nsanza mosiyidwamo. Ana awo atatu anabadwira momwemo, nakula, n'kuthawira kuchigwa. A Lufeyo anali ndi chifuwa chomwe chinkabwera chaka chilichonse limodzi ndi chiperoni, ndipo mankhwala ake anali moto ndi tiyi wa mandimu basi.

"Ine ndimapanga mbaula, mbaula n'kumandisunga ine," ankatero iwo. "Tili pachibale."

Mavuto anayamba ndi mphatso. Mfumu Ndiwoneni Wachinayi inalandira chikhoti cha ubweya kuchokera kwa mfumu inzake ya dziko lakutali, kumene akuti madzi amauma gwa ngati mwala. Chinali chofika kumapazi, cholemera ngati mbuzi ziwiri zonenepa. Mfumu inachikonda kuposa akazi ake onse. Inachivala pa chikondwerero cha tsiku lake lobadwa ku Thukuta, dzuwa lili paliwombo, inalankhula mphindi zinayi, n'kugwa chagada. Ataitsira madzi n'kutsitsimuka, funso lake loyamba linali lakuti, "Chikhoti chanyowa?"

Nduna zinakumana masiku atatu. Panalibe yoyerekeza kunena kuti chikhoticho sichikuyenera dziko, choncho zinagwirizana kuti dziko ndi limene silikuyenera chikhoti. Tsiku lachitatu, Nduna ya Nyumba ndi Malo, a Mwanenadi, munthu amene anakwera maudindo onse pogwedeza mutu nthawi yoyenera, anakumbukira kuti ufumu uli ndi phiri.

"Mwini dziko," anatero atagwada, "kumtunda uko kuli anthu anu amene akhala akudya kuzizira okha zaka zonsezi, osapatulako ngakhale pang'ono potumiza kunyumba yachifumu."

"Okha?" inafunsa Mfumu.

"Okha, Mwini dziko. Ena mpaka amangotaya."

Sabata yotsatira, mu Juni momwemo, mdipiti wa magalimoto akuda unakwera phiri. Mfumu inatsikira pabwalo la msika itavala chikhoti chake, nkhungu ili tolo, ndipo inalankhula maola awiri osakomoka. Inasangalala kwambiri moti pomaliza, poona nduna zake zikugwedezeka m'masuti opepuka a kuchigwa, inaseka n'kunena kuti, "Taonani mmene akunjenjemerera anthu anga. Wondikonda weniweni amadziwika ndi kuzizidwa." Mfumu inkangocheza. Koma mlembi analemba, ndipo ku Tavomera chimene chalembedwa chalembedwa.

Nashawa anamvetsera zonsezi akutembenuza kachewere m'chiwaya.

"Tisadandaule," anauza mayi wogulitsa kabichi pambali pake. "Mlendo ndi mame."

"Mame akuno amafika masana ali pomwepo," anayankha mayiyo.

Pofika Lachisanu nduna iliyonse inkafuna nyumba ku Njenjemera. Kenako achiwiri kwa nduna, kenako alembi aakulu, kenako aliyense amene ankalakalaka kudzakhala chimodzi mwa zimenezi. Ndipo sankafuna nyumba wamba. Ankafuna yozizira kuposa ya mnzawo, yoti Mfumu ikamva igwedeze mutu.

Apa ndi pamene anatchuka Bizaliele, amene tawuni yonse inkamudziwa kuti Pompopompo. Kale ankaitanira minibasi padepoti. Atangomva kumene mphepo ikulowera, anagula tayi pakaunjika, nabwereka chikwama cha mapepala, n'kusanduka dobadoba wa nyumba. Chida chake chachikulu anali amalume ake, a Sikweya, mkulu woonda ngati nsungwi amene anatsala ndi mano anayi. Pompopompo ankawaimika pakati pa chipinda atavala malaya okha, onse n'kukhala chete kumvetsera. Mtengo wa nyumba unkatengera kulira kwa manowo.

"Bwana, nyumba iyi dzuwa silinaionepo chiimangireni," ankatero Pompopompo. "Mng'alu uwu ndi wachibadwa, si wochita kuboola dzulo ngati ya anzanga aja. Taikani dzanja apa. Mwaimva? Imeneyi ndi mphepo yochokera kunsonga kwenikweni, sinadutse panyumba ya munthu wina aliyense."

Eni nyumba anayamba kuzula magalasi m'mawindo ndi kudula mitengo yotchinga mphepo. Nyumba za makoma olimba zinagwa mtengo moti mphunzitsi wina, amene anali atangoika siling'i ndi ndalama za penshoni yake, anapezeka atakhala pakhonde akulira ngati pamaliro. Amene ankachita lendi anayamba kugona ndi katundu womangamanga.

Tsiku la a Lufeyo linafika Lachiwiri m'mawa. Anali panja akukhoma mbaula, Nashawa akusenda kachewere, pamene analowa anthu anayi pabwalo: eni nyumba a Gwaza, Pompopompo, a Sikweya, ndi a Mwanenadi eni ake atavala suti ndi nsapato zonyezimira.

"Mwadzuka bwanji a Gwaza?" anatero a Lufeyo. "Mwezi sunathetu."

"Sitinabwerere zimenezo, achimwene," anayankha a Gwaza maso ali pansi. "Abwanawa akungofuna kuona."

Pompopompo sanadikire. Analowa m'nyumba, natulutsa mbaula yamoto ngati akutulutsa khoswe wakufa, n'kuyamba kukanganula zidutswa za malata m'makoma ndi kusolola nsanza za Nashawa. Ntchito ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inatha pa mphindi khumi. Mphepo inalowa ikuimba mluzu mbali zonse. Anawaimika a Sikweya pakati. Mano anayamba pang'onopang'ono, kenako anathamanga ngati makina osokera, kenako panamveka kanthu kakugwa pasimenti.

Pompopompo anawerama n'kutola. "Dzino lagwa, bwana," anatero mwaulemu. "Nyumba yogwetsa dzino ndi mtengo wina. M'tawuni muno sizinachitikepo."

"Ndatenga," anatero a Mwanenadi, milomo itayamba kale kuchita imvi. "Muchotsenso chitsekochi. Chikutchinga."

Nashawa anaika mpeni pansi n'kuimirira. "A Gwaza, ife tipita kuti? Bambowa chifuwa chawo mukuchidziwa. Pamaliro a amayi anu ndinaphika ndine masiku atatu."

"Ndikudziwa, mayi," anatero a Gwaza. "Koma ndalama imene atchula abwanawa, ine pobadwa sindinaimvepo. Ndikakana, ana anga adzandimangirira. Mukhale mutatuluka pofika Loweruka."

Nashawa anayang'ana chitsekocho. Kunsi kwake kunali kukuonekabe a, e, i, o, u, zimene mwana wake woyamba anazokota ndi msomali ali mu Sitandade 1, tsiku limene anakwapulidwa n'kuyamikiridwa nthawi imodzi.

"Poti chikutchinga, tipatseni ife," anatero.

Nduna inakweza mapewa. Loweruka anthu anaona a Lufeyo ndi Nashawa akutsika phiri, chitseko atasenza awiri, mapoto ndi mabulangete ali pamwamba pake, a Lufeyo akuima pakona iliyonse kuti atsokomole.

Asanapeze n'kogona komwe, galimoto ya chimkuzamawu inazungulira tawuni ndi lamulo latsopano. Kuzizira tsopano chinali chuma cha dziko, ndipo aliyense wopezeka akukuwononga adzayankha mlandu. Mbaula zinaletsedwa. Kuwotha moto kunaletsedwa. Kuwothera dzuwa kunaloledwa kwa mphindi zisanu zokha, ndipo munthu azichita ataimirira, nkhope yake ikuonetsa kuti sakusangalala. Asilikali ankayenda m'makwalala akununkhiza utsi, ndipo anamanga gogo wina chifukwa chopezeka ndi mphaka pamiyendo.

Pamsika Nashawa anayamba kugulitsa kachewere wosaphika woduladula kale, mchere pambali.

"Ameneyu timadya bwanji?" anafunsa wogula wina.

"Mwachikondi cha dziko," anatero Nashawa.

Malo okhawo amene anthu othamangitsidwa akanatha kufikako anali Kumauvuni, kumunsi kwa tawuni, kumene ankawotcha njerwa zomangira nyumba yatsopano ya Mfumu. Moto wa kumeneko lamulo silinkaukhudza, poti unali wachifumu. Kunali matope, utsi ndi phulusa, ndipo Pompopompo ankati malo amenewo sangawagulitse ngakhale kwa mdani wake, chifukwa a Sikweya atawaimika kumeneko anagona tulo ali chiimire. A Lufeyo anamanga chisakasa cha mapaketi ndi malata chotsamira khoma la uvuni wina wautali. Chitseko chija anachigoneka pa njerwa zinayi n'kukhala bedi.

Mausiku awiri oyamba Nashawa analira. Wachitatu anadzuka m'mawa n'kuzindikira kuti wagona osamva chifuwa cha mwamuna wake. Anachita mantha, n'kuwagwedeza.

"Bambo a Dorika, muli moyo?"

"Ndili moyo. Bwanji?"

"Simunatsokomole."

A Lufeyo anayesa kutsokomola dala, koma sizinatheke. Khoma la uvuni linkatentha usana ndi usiku ngati msana wa ng'ombe. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, anasamba mu Julaye popanda kukumbutsidwa. Mabanja ena anatsatira, ndipo posakhalitsa Kumauvuni kunali mudzi wathunthu wa anthu osauka, onenepa masaya, amene ankakwera kumsika m'mawa akudzinjenjemeretsa dala kuti asilikali asawakayikire.

Kumtunda zinthu sizinkayenda chimodzimodzi. Nduna zinkagona m'nyumba zopanda zitseko, ndipo poti bulangete linkaoneka ngati kusakhulupirika, zinkafunda nyuzipepala za boma. Pabwalo la Mfumu zokambirana sizinkamveka chifukwa cha kuyetsemula. Nduna ya Zachuma inawerenga ndondomeko yonse ya chaka mphuno itatsekeka, ndipo aphungu anaivomereza osamva liwu ndi limodzi lomwe, monga mwa nthawi zonse. Mfumu yokha, mkati mwa chikhoti chake, inkati sinakhalepo ndi chaka chokoma chotere.

M'mawa wina Nashawa akutereka tiyi pakamwa pa uvuni, anaona munthu wa suti akubwera mozemba m'matope, akuyenda ngati nkhuku yonyowa. Anali a Mwanenadi.

"Ndabwera kudzayendera njerwa za boma," anatero mawu akutuluka m'mphuno.

"Yenderani," anatero Nashawa.

Ndunayo inayendera njerwazo ndi msana. Inatsamira khoma la uvuni, n'kutseka maso, ndipo patapita kanthawi misozi inayamba kutsika. Nashawa anaiyang'ana nthawi yaitali. Anali atakonzeratu mawu ambiri oti adzamuuze munthu ameneyu tsiku lina, ndipo ena mwa mawuwo sanali oyenera mayi wa mvano. Koma zala za ndunayo zinali zotupa ngati chinangwa chovuula, ndipo m'khutu limodzi munali mutatsalira kachidutswa ka nyuzipepala. Anatsira tiyi m'kapu ya a Lufeyo, nafinyiramo ndimu, n'kuipatsa.

"Nyumba ija ikukusungani bwino?" anafunsa.

"Ndi nyumba yaulemu kwambiri," anatero a Mwanenadi akumwa mofulumira. "Kodi inu munkagona mbali iti? Ndayesa ngodya zonse."

"Tinkagona mbali ya mbaula."

Ndunayo inayendera njerwa maola atatu. Mawa lake inabweranso, ndipo inapeza Nduna ya Zamaphunziro ili kale pakhoma. Anayang'anana, napatsana moni wa maso, aliyense n'kutembenukira kwake. Pofika sabata yachiwiri nduna zonse khumi ndi ziwiri zinkayendera njerwa tsiku lililonse, zitandandalikana pakhoma ngati abuluzi. Owotcha njerwa ankati chiyambireni ufumu palibe ntchito ya boma imene inayenderedwapo chotere.

A Lufeyo sizinawasangalatse. "Nashawa, uchepetse shuga m'tiyimo," anatero tsiku lina. "Kumene akuluakulu ayamba kukonda, wosauka azimangiratu katundu."

"Ndiwathamangitse? Ndi anthu, akuzizidwa."

"Ifenso tinali anthu Lachiwiri lija."

Koma Nashawa shuga sanachepetse.

Chimene chinatembenuza zinthu ndi utitiri. Chikhoti cha Mfumu, chimene sichinavulidwe kwa milungu isanu ndi umodzi, chinapeza alendi akeake. Mfumu inayamba kudzikanda pakati pa zolankhula, ndipo nduna, poganiza kuti ndi mwambo watsopano, zinkadzikandanso. Pomaliza sing'anga wa kunyumba yachifumu analimba mtima n'kunena kuti chikhoticho chichapidwe. Anachichapa Lolemba usiku. Koma anthu a kuchigwa sankadziwa zimene mwana aliyense wa ku Njenjemera amadziwa za zovala zochapidwa Lolemba.

M'mawa mwake Mfumu inatuluka m'bafa itavala malaya wamba, mphepo ya Julaye n'kuilandira pakhomo. Inaima chilili.

"Ichi n'chiyani?" inafunsa wantchito wake wokalamba.

"Chiti, Mwini dziko?"

"Chikundiluma m'mafupachi."

"Kumeneko ndiye kuzizira, Mwini dziko."

Mano a Mfumu anayamba kugundana. "Anthu anga amamva chonchi?"

"Chaka chilichonse, Mwini dziko."

"Analoleza ndani?"

Wantchitoyo anali ndi zaka zambiri ndipo ankafuna kuwonjezerapo zina, choncho anangoti sakudziwa. Mfumu inaitana nduna zake, koma panalibe ndi imodzi yomwe. Inafunsa kumene chikhoti chili, ndipo anaiuza kuti antchito apita nacho kumunsi, kumalo kwina kumene akuti zinthu zimauma. Mfumu inazula katani ya pawindo, nidzikulunga, n'kuyamba kutsika phiri wapansi, asilikali awiri ndi mlembi akuthamanga pambuyo. Anthu pamsika anaiona ikudutsa ndipo palibe anagwada, poti ankayesa ndi wamisala watsopano wochokera kuchigwa.

Itafika Kumauvuni inapeza chikhoti chake chitayanikidwa pa uvuni chikufuka nthunzi, ndipo pansi pake nduna khumi ndi ziwiri zitatsamira khoma, nsapato zitavula, iliyonse kapu m'manja. Nduna ya Chitetezo inali itagona, kukamwa kuli yasa.

A Mwanenadi ndi amene anayamba kuiona. Anadzuka, kapu n'kugwa. "Mwini dziko, tikuyendera njerwa."

Mfumu inapita molunjika pakhoma, nikankha Nduna ya Zaulimi, n'kutsamira. Inatseka maso. Panadutsa nthawi yaitali, moti ena anayamba kuganiza kuti yakomokanso. Kenako inatambasula dzanja osatsegula maso, ndipo Nashawa, posowa chochita china, anaikamo kapu ya tiyi.

"Mwini malo ano ndani?" inafunsa itamwa theka.

"Malo ndi anu, Mwini dziko," anatero Nashawa atagwada paphulusa. "Ife tangotsamirapo."

"Dzina?"

"Nashawa. Awa ndi amuna anga, a Kachigamba. Ankapanga mbaula musanaziletse."

"Ndinaletsa mbaula?" Mfumu inayang'ana nduna zake. Nduna zinayang'ana njerwa. "Mayi, tiyi wanuyu wandibwezera moyo. Pemphani chimene mukufuna."

A Lufeyo anayamba kunong'oneza za ng'ombe. Nashawa anawagwira bondo kuti akhale chete.

"Pempho langa ndi limodzi, Mwini dziko," anatero. "Musapakonde pano."

"Mwati bwanji?"

"Munakonda kumtunda, ife tinatsika titasenza chitseko. Mukakondanso pano, kumunsi kwake kulibenso malo. Kwatsala mtsinje."

Owotcha njerwa anasiya ntchito. Mfumu inamuyang'ana mayiyo mwachidwi, ngati munthu amene wamva chilankhulo chachilendo chokoma m'khutu. Kenako inaseka, nimusisita paphewa.

"Anthu a kuphiri nthabwala," inatero. "Mlembi, lemba kuti mayiyu ndi wanthabwala."

Ndipo inapakonda.

Mawa lake galimoto ya chimkuzamawu inazunguliranso. Kuzizira tsopano anali mdani wa dziko, amene analowa mu ufumu mozemba mothandizidwa ndi anthu ena amene akufufuzidwa. Kumauvuni kunasinthidwa dzina kukhala Chifuwa cha Mfumu, ndipo onse okhalako anapatsidwa masiku atatu. Wokonda dziko weniweni tsopano ankadziwika ndi thukuta. Nduna iliyonse inalamulidwa kufika pabwalo Lachisanu itanyamula mbaula yakeyake yoyaka, ndipo aliyense wopezeka ndi nyumba yozizira adzafotokoza kuti ankaisungira ndani.

Pofika masana Pompopompo anali kale Kumauvuni ndi tayi yake. A Sikweya anali atawapumitsa. M'malo mwawo anabwera ndi azakhali ake onenepa, amene ankawaimika pafupi ndi khoma n'kumawerenga madontho otsika pachipumi.

A Lufeyo anakhala pachitseko chawo manja ali m'masaya. "Ndinanena ine za shuga," anatero.

"Munanena," anavomera Nashawa. "Tsono mbaula munakwirira zija zilipo zingati?"

A Lufeyo anadzutsa mutu. Lamulo loletsa litangotuluka, asilikali anaphwanya mbaula zonse za m'tawuni n'kuziponya m'chigwembe, ndipo amisiri ena onse anathawira kwawo. Koma a Lufeyo, amene sakanatha kuona ntchito ya manja awo ikuphwanyidwa, anakwirira zisanu ndi imodzi pansi pa mulu wa phulusa. Nduna zinali khumi ndi ziwiri. Lachisanu linali mkuja.

Zisanu zinapita tsiku lomwelo, ndipo za mitengo yake a Lufeyo safuna kukamba mpaka lero, amangomwetulira. Yotsalayo Nashawa anaikhalira. Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, a Mwanenadi anafika akuthamanga, tayi ili paphewa.

"Mayi, ndamva kuti yatsala imodzi. Tchulani mtengo."

"Siyogulitsa, bwana. Ndi ya chifuwa cha bambowa. Mawa tikukagona kumtsinje."

"Mayi, ndili ndi ana. Ndikafika chimanjamanja mawa, ntchito yatha. Ndiponso nyumba ija ikundiika m'mavuto. Tawuni yonse ikudziwa kuti inagwetsa dzino. Pompopompo akuti ngakhale yaulere palibe angaitenge. A Gwaza ndawapempha kuti aitengenso, andithamangitsa ndi agalu."

"Pepani," anatero Nashawa. "Ndi nyumba yaulemu kwambiri."

Ndunayo inagwada paphulusa pomwe Nashawa anagwada dzana lake. Inatulutsa mapepala a nyumba m'thumba la jekete. "Ndithandizeni kawiri, mayi. Tengani ichi, mundipatse icho."

Nashawa sankadziwa kuwerenga bwino, choncho anaitana mphunzitsi wa siling'i uja, amene nyumba yake tsopano inali yamtengo kuposa zonse ndipo ankayenda akuimba nyimbo za kwaya. Mphunzitsiyo anawerenga mapepalawo mokweza kawiri, owotcha njerwa anayi naika zidindo za zala zawo zamatope ngati mboni. A Mwanenadi anasaina dzanja likunjenjemera, ngakhale kuti tsopano kunjenjemera kunali koletsedwa.

A Lufeyo anapukuta mbaulayo ndi malaya awo n'kuipereka ndi manja awiri. "Muziyatsira panja, bwana, utsi ukatha ndiye muzilowetsa," anatero. "Ndipo muzinyamulira apa, osati apo. Apo mupsa."

Lachisanu a Mwanenadi anapsa, koma ntchito inapulumuka. Nduna zisanu ndi imodzi zopanda mbaula zinachotsedwa ndipo zinapezeka kuti ndi zimene zinalowetsa kuzizira m'dziko. Tsiku lomwelo a Lufeyo ndi Nashawa anakwera phiri ndi katundu wawo, nakapeza nyumba yawo ilibe mawindo, malata atatu a denga atachotsedwa, ndipo pangodya pali mulu wa nyuzipepala wooneka ngati chisa. Nashawa anaima pakati pa chipinda, mphepo ikumuwomba mbali zonse, mapepala atawapanikiza pachifuwa mkati mwa bulauzi. Kenako anatenga tsache.

A Lufeyo anagwira ntchito sabata yathunthu. Anabwezera denga, naika mawindo, n'kuyamba kuphimba ming'alu umodzi umodzi. Atafika pa womaliza, wa kukhoma lakumwera, Nashawa anawagwira dzanja.

"Umenewo usiyeni."

"Ulowetsa mphepo."

"Ulowetse pang'ono. Mukatseka yonse ifunda, ikafunda aikonda. Mukasiya yambiri izizira, tsiku lina adzaikondanso. Ndikufuna nyumba yoti munthu wamkulu akalowa asamve chilichonse."

A Lufeyo anaika hamala pansi.

Nzeru imeneyi inafalikira tawuni yonse msanga kuposa lamulo lililonse la Mfumu. Pompopompo anayesa kubweretsa amalume ndi azakhali ake limodzi, koma m'nyumba iliyonse mano sankalira, thukuta silinkatsika, ndipo awiriwo ankangoyang'anana n'kuyamba kukambirana za maliro akumudzi. Pofika Okutobala anali atabwerera padepoti.

Mpaka pano, mukakwera ku Njenjemera m'nyengo yozizira n'kupeza munthu pakhoma la chigayo, chipewa chili mpaka m'maso, mphuno ikuchucha, n'kumufunsa kuti kunyumba kwacha bwanji, amayamba wayang'ana nsapato zanu. Zikakhala zonyezimira, amapukuta mphuno n'kuyankha mwaulemu kuti, "Pakatikati, bwana."